Update ikagwetsa makompyuta, akonze ndani ndipo alipire ndani?

Bambo a Chisomo:
Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndabwera ndi funso limene ndikufuna kuti odziwa za makompyuta ndi odziwa za malamulo atithandize limodzi. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza update, kutanthauza fayilo yokonza kapena kuonjezera zinthu mu pulogalamu, ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta, ndipo makompyuta oyendera Windows okwana pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa m'mawa umodzi, ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonekera. Kampaniyo inavomera msanga kuti cholakwa chinali chake. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti, ngakhale inavomera choncho, amene anachezera usiku kudzutsa makinawo anali antchito a makampani ogula, ndipo nkhani ya ndalama zimene zinatayika inakathera kukhoti. Kodi update ikawononga zinthu, udindo wokonza ndi wa yani pakati pa wopanga pulogalamu, wopanga Windows, ndi amene anagula pulogalamuyo n'kuiika pa makina ake?

Nachisale:
Zikomo Bambo a Chisomo. Ndisanafike pa udindo ndifotokoze kaye zimene zinachitika, chifukwa anthu ambiri amati inali update ya Windows pamene sinali. Pulogalamu ya CrowdStrike imatchedwa Falcon, ndipo mbali ina yake imagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, pamalo otchedwa kernel, pamene pulogalamu ikapunthwa imagwera limodzi ndi kompyuta yonse. Ili ngati mlonda amene mwamupatsa makiyi a zipinda zonse kuti athe kugwira wakuba paliponse, koma tsiku limene iyeyo wasokonezeka amakutsekerani panja nonse. Update inatuluka nthawi ya 04:09 pa wotchi ya UTC, imene ndi 06:09 m'mawa kuno ku Johannesburg ndi kumudzi komwe, ndipo inachotsedwa 05:27, patangotha mphindi 78. Lipoti limene kampaniyo inatulutsa pa 6 Ogasiti 2024 linanena kuti fayilo imene inatumizidwa, yotchedwa Channel File 291, inkafuna kuti pulogalamu iwerenge zinthu 21, pamene pulogalamuyo inkapereka 20 zokha. Itafunafuna cha nambala 21 inakawerenga malo amene si ake, Windows n'kudziimitsa, sikirini n'kusanduka ya buluu. Kusagwirizana kumeneku kunalipo kuyambira mu Febuluwale, koma mafayilo amene anatumizidwa mu Malichi ndi mu Epulo sanakhudze pamalo pamenepo, choncho vuto linabisala. Pulogalamu imene ntchito yake inali kuyeza fayilo isanatuluke nayonso inali ndi cholakwika, ndipo inaidutsitsa ngati yabwino.

Tsopano chifukwa chimene ogula ndiwo anakonza n'chosavuta kumva. Kompyuta imene ikugwa isanalumikizike pa intaneti singalandire mankhwala ochokera kutali. Panafunika munthu woti afike pa makina aliwonse, awayatse mu Safe Mode, njira imene Windows imayaka ndi zinthu zofunikira zokhazokha, afufute fayilo imene dzina lake limayamba ndi C-00000291, kenako awayatsenso. Kumene makina anali otsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa mafayilo, panafunikanso kiyi ya manambala 48, ndipo m'maofesi ena makiyi amenewa ankasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu yotumikira makina ena, imene nayo inali itagwa. A Microsoft, amene amapanga Windows, ananena kuti makina ena ankadzuka munthu akawazimitsa ndi kuwayatsa mobwerezabwereza, mwina mpaka ka 15. Wolakwa analibe njira yofikira pamene panawonongeka, ndipo mwini makina, amene sanalakwe, ndiye anali ndi manja pafupi.

Jere wa ku Chipata:
Mayi Nachisale mwafotokoza bwino, ndipo zikungotsimikizira zimene ndimauza makasitomala anga pashopu. Ine ndimakonza malaputopu ndi mafoni, ndipo ambiri amene amabwera akulira ndi amene update inayamba yokha, magetsi n'kuzima ili pakati, batire nalo ndi lakufa, makina osadzukanso. Wina amagula bandulo kuti atumize ntchito ya kusukulu, update n'kuimaliza usiku iye ali m'tulo. Choncho ine ndikamubwezera munthu makina ake ndimazimitsa zoti azidzichitira update okha. Makina amene akuyenda bwino asiyeni momwemo, chifukwa akagwa palibe wa ku America amene adzabwere kudzawadzutsa.

Mbewe wa ku Leeds:
Achimwene a Jere, ndikumvetsa kumene mukuchokera, koma malangizo amenewo ndi oopsa, ndipo kuno ku Britain anthu anaonera pa zipatala. Pa 14 Malichi 2017 Microsoft inatulutsa update yotseka khomo lina limene akuba a pa intaneti akanatha kulowerapo. Pa 12 Meyi chaka chomwecho vairasi ya WannaCry inalowera pakhomo lomwelo m'makompyuta amene anali asanalandire update ija, n'kutseka mafayilo onse ikufuna dipo. Zipatala zambiri za boma za NHS zinakhudzidwa, anthu pafupifupi 19,000 amene anayenera kuonana ndi madokotala anabwezedwa, ndipo boma linawerengera kuti zonse zinadya mapaundi 92 miliyoni. Mankhwala analipo kwa miyezi iwiri, koma sanaikidwe. Chaka chomwecho kampani ya Equifax ya ku America inachedwa kuika update ya pulogalamu ya Apache Struts imene inatuluka mu Malichi, akuba n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni, ndipo mu 2019 inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni. Pa nkhani ziwirizi mlandu waukulu unagwera amene anachedwa kuika update. Kasitomala wanu amene mwamuzimitsira ma update, tsiku limene adzaberedwe ndalama kudzera pa laputopu yomweyo, mudzamuyankha chiyani?

Jere wa ku Chipata:
Ndidzamuyankha kuti sindine ndaba. Koma ndamva mfundo yanu a Mbewe, ndipo mwandionjezera nkhawa m'malo mondichotsera, pakuti mukunena kuti tikaika update n'kugwa vuto ndi lathu, tikapanda kuika n'kuberedwa vuto ndi lathunso.

Mayi a Tadala:
Bambo Jere mwanena ndendende mmene mapangano ambiri a mapulogalamu analembedwera. Ine ntchito yanga ndi yowerenga makontirakiti asanasainidwe, ndipo pafupifupi aliyense amene ndimamuona amakhala ndi ndime ziwiri zimene anthu amazidumpha. Yoyamba imati pulogalamu mukuilandira mmene iliri, ndipo wopanga sakulonjeza kuti idzayenda yopanda cholakwika. Yachiwiri imati ngati yakuonongerani zinthu, chipukuta misozi sichingapitirire ndalama zimene munalipira pogula, ndipo phindu limene mwataya chifukwa ntchito inaima silowerengeredwa. Mfundo zimene CrowdStrike imagulitsira pulogalamu yake kwa ogula ambiri zili ndi malire a mtundu umenewu.

Nkhani ya Delta Air Lines ndiyo ikuyesa ngati malirewo angathyoke. Kampani ya ndege imeneyi inaimitsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu, apaulendo 1.3 miliyoni anavutika, ndipo mkulu wake a Ed Bastian ananena kuti anataya madola 500 miliyoni ndiponso kuti antchito awo anadzutsa ndi manja maseva 40,000. Maloya a CrowdStrike anayankha kuti malinga ndi kontirakiti, zimene kampani yawo ingalipire sizingafike ngakhale madola 10 miliyoni. Anaonjezera kuti anapereka thandizo Delta n'kusalilandira, ndiponso kuti makampani ena a ndege, amene anagwidwa ndi vuto lomwelo, anadzuka msanga. Mu Okutobala 2024 Delta inakasuma kukhoti la ku Fulton County m'chigawo cha Georgia, ndipo tsiku lomwelo CrowdStrike nayo inakasumira Delta kukhoti lina. Mu Meyi 2025 woweruza analola kuti dandaulo lakuti CrowdStrike inachita mosasamala koopsa lipitirire kumvedwa. Mfundo imeneyo ndi yofunika kwambiri, chifukwa m'malamulo a madera ambiri munthu sangabisale kumbuyo kwa ndime ya malire ngati kusasamala kwake kunali kopitirira muyezo. N'chifukwa chake Delta ikulimbikira kunena kuti fayiloyo ikanangoyesedwa pa kompyuta imodzi yokha isanatumizidwe, vuto likanaoneka.

Bambo a Chisomo:
Mayi, ndiye kuti kuvomera kulakwa pa wailesi ya kanema n'kosiyana ndi kuvomera kulipira?

Mayi a Tadala:
N'kosiyana kutalitali bambo. A George Kurtz, mkulu wa CrowdStrike, anapepesa pa kanema wa NBC tsiku lomwelo, ndipo a Adam Meyers, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, anakapepesanso pamaso pa aphungu a ku America pa 24 Seputembala 2024. Pulezidenti wa kampaniyo, a Michael Sentonas, anapita okha ku msonkhano wa DEF CON ku Las Vegas kukalandira mphoto yachipongwe imene imaperekedwa kwa amene walephera koposa, ndipo ambiri anawayamikira chifukwa cha kudzichepetsa kumeneko. Koma pa ndalama, chimene anthu amakumbukira ndi makuponi ogulira chakudya a Uber Eats a madola 10 amene anatumizidwa kwa anzawo ochita nawo malonda amene ankathandiza kukonza, pamene kampani ya Parametrix inayerekeza kuti makampani 500 akuluakulu a ku America, kupatula Microsoft, anataya madola 5.4 biliyoni.

Mphunzitsi Wopuma:
Ana anga, ine za makina sindizidziwa kwenikweni, koma ndakhala ndikuwerenga mwachidwi ndipo pali munthu mmodzi amene mukumusiya kunja. Mayi Nachisale anena kuti pulogalamu imeneyi imalowa m'kati mwenimweni mwa Windows. Nanga anaitsekulira khomo ndani? Ngati Windows ndi ya Microsoft, bwanji inapangidwa mwakuti fayilo imodzi ya mlendo ingathe kuigwetsa yonse, n'kusatha kudzidzutsa yokha?

Nachisale:
Aphunzitsi, funso limenelo linafunsidwa ndithu, ndipo Microsoft inayankha poloza ku Ulaya. Inanena kuti mu 2009 inagwirizana ndi European Commission, bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kuti makampani ena opanga mapulogalamu oteteza azipatsidwa mwayi wofika m'kati mwa Windows wofanana ndi umene mapulogalamu ake omwe ali nawo, pofuna kuti pakhale mpikisano wachilungamo. A ku Ulaya anakana kusenza mlanduwo. Ine ndimaona kuti yankho la Microsoft lili ndi choonadi koma ndi losakwanira, chifukwa mgwirizanowo unkafuna mwayi wofanana, sunkaletsa kupanga njira ina yotetezeka imene onse angadzeremo. Apple inayamba kutulutsa mapulogalamu a anthu ena mu kernel ya makompyuta ake cha mu 2020, ndipo tsiku limenelo makina a Mac ndi a Linux sanakhudzidwe, ngakhale kuti chifukwa chachindunji chinali chakuti fayilo yolakwikayo inali ya Windows yokha. Chimene chimandiuza kuti Microsoft inadziona kuti ili ndi mbali yake ndi zimene inachita pambuyo pake. Inatulutsa chida choika pa USB chothandiza kufufuta fayilo ija mofulumira, inaitanitsa makampani oteteza makompyuta ku Redmond, kumene kuli likulu lake, pa 10 Seputembala 2024, ndipo mu Novembala inalengeza njira yotchedwa Quick Machine Recovery, yoti kompyuta imene ikulephera kuyaka izitha kulandira mankhwala kuchokera kutali. Zimenezi zikanakhalapo mu Julaye, anthu ambiri akanagona m'nyumba zawo.

Ndionjezerepo kanthu kena kamene kamandikhumudwitsa. Mu Epulo 2010 kampani ya McAfee inatumiza update imene inatenga fayilo yofunika ya Windows XP ngati vairasi, makompyuta ambirimbiri n'kumangozima ndi kuyaka, ndipo anakonzedwanso ndi manja imodziimodzi. Mkulu woona za luso ku McAfee nthawi imeneyo anali a Kurtz omwewa. Sindikunena kuti iwo ndiwo anatumiza fayiloyo, koma palibe amene anganene kuti ngozi ya mtundu umenewu inali yosadziwika m'ntchito yathu.

Mbewe wa ku Leeds:
Ndikufuna kubweretsa munthu wachinayi, amene ndi kasitomala wa kasitomala. Munthu amene anaima pamzere pa bwalo la ndege, kapena amene khadi lake linakana m'sitolo m'mawa umene banki ya Capitec inalengeza kuti yakhudzidwa ku South Africa, alibe pangano lililonse ndi CrowdStrike ndipo mwina dzinalo anali asanalimvepo. Iyeyo amadziwa banki yake ndi kampani imene inamugulitsa tikiti, ndipo oyang'anira malamulo amaona chimodzimodzi. Unduna wa zamaulendo wa ku America unatsegula kafukufuku pa Delta, osati pa wopanga pulogalamu, pofuna kudziwa mmene inasamalira apaulendo. Chitsanzo chomveka bwino ndi banki ya TSB kuno. Mu Epulo 2018 inasamutsa makasitomala ake oposa 5 miliyoni kuchoka pa makina a banki ya Lloyds kupita pa makina atsopano amene anapangidwa ndi kampani ina ya gulu la Sabadell, eni ake a bankiyo. Zinthu zinasokonekera kwa milungu yambiri, anthu osatha kulowa mu akaunti zawo, ena n'kumaona ndalama za anthu ena. Mkulu wa bankiyo a Paul Pester anatula pansi udindo mu Seputembala chaka chomwecho. Mu Disembala 2022 oyang'anira mabanki analipitsa TSB chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni, kuonjezera pa mapaundi 32.7 miliyoni amene inapereka kwa makasitomala, ndipo mu 2023 yemwe anali mkulu woona za makompyuta analipitsidwa payekha mapaundi 81,620 chifukwa sanatsimikize mokwanira kuti kampani imene anaipatsa ntchito inali yokonzeka. Banki sinaloledwe kunena kuti anatilakwitsa ndi amene tinawatuma.

Bambo a Chisomo:
A Mbewe, pamenepo ndiye pakundipweteka. Ofesi yogula pulogalamu ili pakati. Kumtunda, wopanga wadzitchinga ndi kontirakiti. Kumunsi, makasitomala ndi boma akufuna yankho kwa iyo. Kodi pali chimene ogula akanachita tsiku limenelo kuti adziteteze, kapena tikuwaimba mlandu wa chinthu chimene sichinali m'manja mwawo?

Nachisale:
Pa funso limeneli ndiye pagona maganizo anga onse, Bambo a Chisomo. Ofesi yosamala siika update pa makina onse nthawi imodzi. Imayamba ndi makina ochepa oyeserera, kenako gulu laling'ono la antchito, kenako ena onse patapita masiku, ndipo imakhala ndi njira yobwerera m'mbuyo. Makasitomala ambiri a CrowdStrike ankachita zimenezi, anasankha kuti makina awo azikhala sitepe imodzi kapena ziwiri kumbuyo kwa pulogalamu yatsopano, zimene timazitcha N-1 ndi N-2. Koma kusankha kumeneko kunkagwira pa pulogalamu yeniyeniyo basi. Mafayilo ang'onoang'ono ouza pulogalamu za njira zatsopano za akuba ankatumizidwa mwachindunji kwa onse nthawi imodzi, ndipo wogula analibe batani loti awachedwetse. Amene anasamala ndi amene sanasamale anagwa mofanana.

Choncho ine ndimati tiyambe tafunsa kuti ndani anali ndi mphamvu yosankha nthawi ndi makina amene update ilowepo. Pa WannaCry mphamvuyo inali kwa zipatala, ndipo mlandu unali wawo. Pa 19 Julaye mphamvuyo wopanga anali ataitenga yonse, ndipo sizomveka kuti munthu atenge mphamvu yonse koma zotayika azisiye kwa amene wamulanda mphamvuyo. Kampaniyo yokha inavomereza mfundo imeneyi m'zochita zake, chifukwa pambuyo pake inalonjeza kuti mafayilo amenewa azituluka pang'onopang'ono kuyambira pa makina ochepa, ndiponso kuti ogula azitha kusankha nthawi yowalandirira. Zinthu ziwirizi n'zimene wophunzira aliyense wa ntchito yathu amauzidwa m'chaka choyamba.

Mayi a Tadala:
Achemwali, ndikugwirizana nanu pa ola loyamba, koma osati pa tsiku lachisanu. Kugwa kwa makina ndi mlandu wa wopanga, pamenepo palibe mkangano. Koma kutalika kwa nthawi imene ofesi yakhala chigonere kumadalira zimene ofesiyo inakonzekera. CrowdStrike inanena kuti pofika pa 25 Julaye makina oposa 97 pa 100 alionse anali atabwerera, koma makampani ena anali atadzuka Loweruka pa 20 Julaye, patangopita tsiku limodzi. Delta inachedwa makamaka chifukwa pulogalamu yake yolondola kumene oyendetsa ndege ndi othandiza apaulendo ali inalephera kupirira, moti ndege zinalipo, antchito analipo, koma kuwalumikiza kunavuta. Maloya a Microsoft ananena kuti Delta inali isanakonzenso makina ake akale mofanana ndi anzake, ndipo Delta inakana zimenezo. Khoti ndilo lidzagamule, koma funso lokhalo ndi loyenera. Ofesi imene inasunga makiyi a BitLocker pamalo amodzi okha, imene inalibe mndandanda wa makina ake, imene sinayesepo kubwezeretsa zinthu kuchokera pa backup, kutanthauza mafayilo okopera ndi kusunga pena, singatumize bilu yonse kwa wopanga. Komanso tisaiwale kuti wopanga akanati azilipira chilichonse chimene chatayika, kampani imodzi ikanagwa pa ngozi imodzi, ndipo mtengo wa mapulogalamu oteteza ukanakwera mwakuti maofesi ang'onoang'ono sakanaukwanitsa.

Nachisale:
Za makiyi ndi backup ndikuvomera, ndipo ndimakangana ndi mabwana anga chaka chilichonse kuti apereke tsiku loyeserera kugwa kwa makina. Koma mfundo ya mtengo sindikuilandira yonse, mayi. Opanga galimoto ndi opanga mankhwala amalipira katundu wawo akavulaza anthu, ndipo sanathe, anangophunzira kuyesa katundu asanatuluke. Pamene malire a chipukuta misozi ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zingaonongeke, kufulumira kumapindulitsa kuposa kusamala, ndipo zimenezi n'zimene tinaona.

Jere wa ku Chipata:
Inu mukukamba za makampani okhala ndi maloya. Nditsitsireni nkhaniyi pashopu panga. Mu Okutobala 2018 Microsoft inatulutsa update ya Windows 10 imene inafufuta mafayilo a anthu ena, mpaka anaiimitsa n'kudzaitulutsanso mu Novembala. Tiyerekeze kuti mayi wabwera ndi laputopu kuti ndimuchotsere mavairasi, ine potsatira malangizo a a Mbewe ndadina update, zithunzi za ukwati wake ndi mabuku a bizinesi yake zapita. Iye sadziwa Redmond, amadziwa ine. Ndiye pali zinanso ziwiri. Makina ambiri amene ndimalandira ali ndi Windows yopanda chiphaso, yoikidwa ndi mnyamata wa pamsika, moti mwini wake alibe kumene angakadandaule. Ndipo kuyambira pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza ma update aulere a Windows 10 kwa anthu onse, pamene malaputopu ambiri akaunjika amene anthu amagula sangalandire Windows 11. Pamenepa udindo ukhala wa yani?

Mayi a Tadala:
Pa mayi wa zithunzi uja, Bambo Jere, yankho silikukomerani. Amene anadina ndinu, ndipo inu ndinu katswiri amene munalandira ndalama. Cholakwika cha update si chanu, koma munthu wa ntchito yanu amayembekezeka kudziwa kuti update imatha kufufuta zinthu, choncho funso limene angakufunseni ndi lakuti munakopera kaye mafayilo ake pena, kapena munamuchenjeza n'kumupatsa mwayi wosankha. Ngati munamufunsa iye n'kukana kulipira backup, lembani zimenezo pa lisiti asainepo. Ndi mfundo yomweyo ya Mayi Nachisale, kungoti tsopano amene ali ndi mphamvu yosankha nthawi ndinu.

Kumayiko ena malamulo ayamba kufika kwa wopanga. Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati ngati pulogalamu kapena chinthu china chimene mwalandira pa mgwirizano chaononga foni, kompyuta kapena mafayilo anu, ndipo zikanapeweka wogulitsa akanasamala moyenera, iye akonze kapena alipire. Mayiko a European Union anavomereza mu 2024 lamulo latsopano lowerengera mapulogalamu m'gulu la katundu amene wopanga amayankha akavulaza munthu, ndipo mayikowo anapatsidwa mpaka pa 9 Disembala 2026 kuti aliike m'malamulo awo. Koma malamulo awiriwa amateteza munthu payekha, osati ofesi yogula pulogalamu kuti izichitira bizinesi, ndipo munthu amene akugwiritsa ntchito Windows yopanda chiphaso sangaligwire n'komwe la ku Britainlo chifukwa palibe pangano pakati pa iye ndi wopanga.

Mbewe wa ku Leeds:
Pa makina amene sangalandire Windows 11, achimwene, muziwauza eni ake zoona zake, kuti makinawo ayendabe koma makomo atsopano amene akuba apeze sadzatsekedwanso, pokhapokha atalowa m'ndondomeko ya nthawi yochepa imene Microsoft inaika yoonjezera ma update achitetezo. Ena mungawaikire Linux ngati ntchito yawo ndi kulemba ndi kulowa pa intaneti basi. Pa nkhani ya magetsi ndi bandulo, Windows ili ndi poimitsa ma update kwa milungu ingapo, ndiponso poiuza kuti intaneti imene mukugwiritsa ntchito ndi yogula mopima, kuti isamatsitse zinthu zazikulu yokha. Kuchedwetsa sabata imodzi kuti muone ngati ena akudandaula n'kwanzeru, ndipo n'kosiyana ndi kuzimitsiratu.

Jere wa ku Chipata:
Zoimitsa kwa milungu ndimazidziwa, koma kasitomala akachoka sabweranso kufikira makina atafa, ndiye amene adzakumbukire kudina pambuyo pa sabata imodziyo palibe. Komabe za lisiti ndazitenga, mayi, ndipo backup ndiyamba kuiika pa mtengo wa ntchito m'malo momufunsa munthu ngati akuifuna, chifukwa ukafunsa aliyense amati alibe ndalama.

Bambo a Chisomo:
Mayi a Tadala, kwa ofesi yaing'ono imene ikugula pulogalamu ya malipiro kapena ya masitoko kwa kampani ya konkuno, osati kwa zimphona za ku America, pali chimene ingasinthe m'kontirakiti, kapena ingosaina mmene zabwerera?

Mayi a Tadala:
Kwa wogulitsa wa pafupi mwayi wokambirana ulipo ndithu bambo, ndipo anthu amautaya chifukwa amakangana za mtengo wokha. Ndime ya malire a chipukuta misozi kawirikawiri sangaichotse, koma mungapemphe kuti isagwire ntchito pamene iwo atumiza update osaiyesa kapena osakudziwitsani. Pemphani kuti zilembedwe zoti update iliyonse, ngakhale imene iwo akuitcha yaing'ono, idzalowa pa tsiku limene mwagwirizana, ndipo lisakhale kumapeto kwa mwezi pamene mukukonza malipiro a antchito. Zilembedwenso kuti ndani atenga backup update isanayambe, ndani aitsimikiza kuti ikutseguka, ndi maola angati amene katswiri wawo ayenera kukhala atafika pa ofesi panu zinthu zikavuta, pa ndalama zawo. Mawu akuti adzathandiza mwamsanga musawalandire, chifukwa msanga wa wogulitsa Lachisanu madzulo ndi Lolemba. Ngati pulogalamuyo ndi yochokera kunja ndipo wa konkuno ndi wongogulitsa, funsani kuti vuto likachokera kwa wopanga iyeyo adzaimabe nanu kapena adzakupatsani nambala ya foni ya kunja, ndipo yankho lake lilowe m'kontirakiti momwemo musanasaine.